Chiyankhulo cha Pogona: Nyumba za Chifalansa ndi Mbiri ya Ziyankhulo m'Boma la Mzimba

1.0 Mau Oyamba

Aphunzitsi a Chifalansa m'dziko muno ali ndi dandaulo limodzi limene silikalamba. Mwana amaphunzira chiyankhulochi zaka zinayi ku sekondale, mwina nkuonjezera zina zinayi ku yunivesite. Mayeso amakhoza, kasinthidwe ka aneni amakaloŵeza pamtima, koma tsiku limene wakumana ndi munthu wochokera ku Lubumbashi kapena ku Paris lilime limamuuma, nkuyamba kufunafuna Chingerezi. Maiko ena adaliona kale vutoli, ndipo mankhwala amene adapeza ndiwo nyumba yogona yapadera pa yunivesite, m'mene ophunzira amadya, kucheza, kukangana ndi kupepesana m'Chifalansa chokhachokha. Nyumba yotere imadziŵika ndi dzina lakuti maison française. Ife m'pepala lino tiitcha nyumba ya Chifalansa, ndipo pamene tikunena za ziyankhulo zina tidzati nyumba ya chiyankhulo.

Tifuna kulondola mbiri ya nyumba zimenezi, kenaka tiiike pambali pa mbiri ya boma la Mzimba. Woŵerenga angafunse kuti Mzimba ikuloŵamo bwanji m'nkhani ya Chifalansa. Yankho nlakuti m'zaka zosakwana 200 boma limeneli laona mitundu ingapo ya malo ogona amene anali ndi chiyankhulo chao, ndipo amodzi mwa malowo okhalamo ake ankayankhuladi Chifalansa. Zimene zidachitika m'malo ameneŵa zikutisonyeza kuti denga limodzi palokha silisunga chiyankhulo. Chofunika kufunsa nchakuti ndani akugona pansi pa dengalo, waloŵamo mwa kufuna kwake kapena mokakamizidwa, ndipo akatuluka pakhomo chiyankhulocho akachigwiritsa ntchito yanji.

2.0 Kumene nzeruyi idachokera

François Gouin, mphunzitsi wa Chilatini wa ku France, adapita ku Germany kukaphunzira Chijeremani. M'buku lake la mu 1880 akusimba kuti adadzitsekera m'chipinda naloŵeza buku la galamala, kenaka aneni osatsata lamulo, pomaliza dikishonale, koma ataloŵa m'kalasi ya pa yunivesite sadatolepo kanthu pa zimene mphunzitsi ankanena. Atabwerera kwao adapeza kamwana ka mbale wake, ka zaka zitatu, kakubwebweta Chifalansa chimene kadachitola pabwalo popanda buku. Patapita zaka ziŵiri, mu 1882, Wilhelm Viëtor adalemba kabuku kodzudzula kaphunzitsidwe ka ziyankhulo kodalira kumasulira ndi kuloŵeza malamulo. Kuchokera pamenepo maganizo adafala akuti chiyankhulo chamoyo chiphunzitsidwe m'chiyankhulo chomwecho, poyambira pa khutu ndi pakamwa.

Amene adatenga maganizoŵa nkuŵamangira nyumba ndi Aamereka, ndipo chidaŵakankha ndi nkhondo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatseka njira ya ku Ulaya, Lilian Stroebe adatsegula sukulu ya Chijeremani ya pa tchuthi ku Middlebury College, m'chigawo cha Vermont, mu 1915. Sukulu ya Chifalansa idatsatira mu 1916. Malowo anali akumudzi, kutali ndi mizinda, ndipo ichi chidasankhidwa dala kuti ophunzira asasokonezedwe. Mwambo umene Middlebury idatchuka nawo ndi lumbiro: wophunzira amasaina kuti pa masabata onse a sukuluyo sadzayankhula chiyankhulo china, ndipo wophwanya lumbirolo mobwerezabwereza angathe kubwezedwa kwao. Mu 1918 yunivesite ya Wisconsin ku Madison idatsegula nyumba ya Chifalansa yogonamo ophunzira chaka chonse, ndipo mu 1925 Middlebury nayo idamanga nyumba yake yotchedwa Le Château. Tisaiŵale kuti America italoŵa nkhondo mu 1917 Chijeremani chidadedwa m'sukulu zambiri, ndipo Chifalansa, chiyankhulo cha bwenzi la pa nkhondo, chidakwera mtengo. Nyumba ya chiyankhulo siidabadwe kunja kwa ndale.

Moyo wa m'nyumba zotere umazungulira pa tebulo la chakudya. Pamakhala eni chiyankhulo angapo, kaŵirikaŵiri ophunzira ochokera ku maiko oyankhula Chifalansa, amene amagona momwemo ndi kudya nawo. Zidziŵitso za pakhoma, ndandanda ya osesa ndi otsuka mbale, misonkhano ya okhalamo, mafilimu ndi nyimbo za madzulo, zonse zimakhala m'Chifalansa. Zimene wophunzira amatola pamenepa ndi zija buku silikhala nazo nthaŵi: dzina la tsache ndi la chikolopa, kadandaulidwe kaulemu pamene mnzako wakusiyira mbale zakuda, nthabwala, ndiponso nthaŵi yosiyira vous nkuyamba tu. Mmalaŵi savutika kumvetsa kulemera kwa kanthu kotsirizaka, pakuti kusiyana kwa iwe ndi inu amakudziŵa kuyambira ali kumsana. Chimene sangachipeze m'kalasi ndi malire ake pakati pa Afalansa, amene sagwera pamodzi ndi malire athu.

Nyumbazi zili ndi chilema chake. Ophunzira akachuluka kwambiri kuposa eni chiyankhulo, amayamba kumvana m'Chifalansa chaochao, chodzala zolakwa zimene aliyense akuzimva kwa mnzake nkuziyesa zolondola. Larry Selinker, mu 1972, adafotokoza za chiyankhulo chapakati chimene wophunzira amadzipangira, ndi momwe zolakwa zina zimaumira osachokanso. Ku Canada, kumene ana oyankhula Chingerezi adayamba kuphunzitsidwa maphunziro onse m'Chifalansa ku Saint-Lambert mu 1965, ofufuza monga Merrill Swain adapeza kuti anawo ankamva Chifalansa pafupifupi ngati eni ake, koma poyankhula ndi polemba galamala yao inkatsalira. Kumiza munthu m'chiyankhulo kumathandiza, koma zimadalira madzi amene wamizidwamo.

Mu Africa nkhaniyi ili ndi nkhope ziŵiri. Yoyamba ndi ya sukulu za atsamunda a Chifalansa, monga École William Ponty ya ku Senegal, imene inali pa chilumba cha Gorée kuyambira mu 1913 ndipo inkasula aphunzitsi ndi makalaliki a maiko onse a kuzambwe olamulidwa ndi France. M'sukulu zambiri za m'maiko amenewo munali chizindikiro chotchedwa symbole, kanthu konyozeka kamene ankapatsa mwana wogwidwa akuyankhula chiyankhulo cha kwao. Iye ankayenera kusaka mnzake womupatsira, ndipo wotsala nako madzulo ndiye ankalangidwa. Nkhope yachiŵiri ndi ya pambuyo pa ufulu. Ku Lomé, m'dziko la Togo, kudatsegulidwa Village du Bénin mu 1968, malo olandira ophunzira a m'maiko oyankhula Chingerezi. Dziko la Nigeria, litaona kuti ndalama zakunja zotumizira ophunzira ku France kapena ku maiko oyandikana nalo zikusoŵa, lidakhazikitsa mudzi wake wa Chifalansa ku Badagry mu 1991, kufupi ndi malire a Benin. Lamulo la ku Badagry ndi la m'sukulu ya symbole likumveka ngati limodzi, lakuti pano tiyankhula Chifalansa chokha. Kusiyana kwake nkwakuti wa ku Badagry ndi munthu wamkulu amene wasankha yekha phunziroli, ndipo palibe amene akumuuza kuti Chiyoruba chake nchonyansa.

3.0 Laweni: nyumba imene siidasunge Chingoni

Tsono tibwere kwathu. Angoni a Zwangendaba adachoka kummwera cha m'ma 1820, naoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana. Adakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga, napumulanso ku Mabiri, kufupi ndi kumene kuli Embangweni lero, asanapitirire ku Ufipa, kumene Zwangendaba adamwalira cha m'ma 1848. Gulu la M'mbelwa lidabwerera kummwera nkukhazikika m'dziko la Atumbuka m'zaka za m'ma 1850. Pa ulendo wonsewu ankatola anthu: Athonga a kufupi ndi nyanja yamchere, Akaranga, Ansenga, Acheŵa, pomaliza Atumbuka ndi Atonga. Pofika ku Hora, eni Chingoni enieni anali kagulu kochepa pakati pa namtindi wa anthu a malilime ena.

Ufumu wotere unkafunika njira yosandutsira mwana wa wogwidwa kuti akhale Mngoni, ndipo imodzi mwa njirazo inali laweni. Margaret Read, amene adafufuza pakati pa Angoni a M'mbelwa ndi a Gomani m'zaka za m'ma 1930, adafotokoza za nyumbayi m'buku lake la mu 1959, Children of Their Fathers. Mnyamata akagula mano ankachoka m'manja mwa amai ndi agogo ake nkukagona ku laweni pamodzi ndi anyamata ena a m'mudzimo. Kumeneko ankalamulidwa ndi anyamata okulirapo, kutumidwa nkhuni ndi madzi, kuŵeta ng'ombe, kuphunzira ndodo ndi chishango, ndi kuzoloŵera kumvera popanda kuŵiringula. Acheŵa ali ndi mphala kapena gowelo, koma laweni inali yoposa pogona chabe, pakuti inali khomo loloŵera ku magulu a nkhondo. Tikaiyang'ana ndi maso a wokonza ndondomeko ya ziyankhulo, laweni inali ndi zonse zimene mphunzitsi wa ku Middlebury akadazilakalaka: ana aang'ono, ogona pamodzi zaka zambiri, mwambo wokhwima, ndi chiyankhulo chokhala ndi ulemerero wa mafumu.

Komabe Chingoni chidagonja. Amishoni a Livingstonia atafika ku Njuyu mu 1882, amene adatsegula njira anali William Koyi, Mxhosa wophunzira ku Lovedale, chifukwa ankamvana ndi mafumu popanda womasulira. Dr Walter Angus Elmslie adasindikiza galamala ya Chingoni mu 1891, ndipo chaka chomwecho adatulutsanso kabuku ka Chitumbuka, chizindikiro chakuti adaona kale kumene mphepo inkaloŵera. Donald Fraser adatsegula Loudon, ku Embangweni, mu 1902, ndipo adalimbikitsa Akhristu monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole kupeka nyimbo pa maimbidwe a Chingoni. Koma Chipangano Chatsopano chimene chidatuluka mu 1911 chinali cha Chitumbuka, ndipo pamene Fraser ankalemba Winning a Primitive People, buku la mu 1914, Chitumbuka chinali chitaloŵa kale m'nyumba zambiri za Angoni. M'busa Yesaya Mlonyeni Chibambo, amene adagwira ntchito yaikulu yokweza ufumu wa M'mbelwa, mbiri ya Angoni adailemba m'Chitumbuka. Charles Stuart ndiye adaimasulira m'Chingerezi, nituluka mu 1942 ndi mutu wakuti My Ngoni of Nyasaland.

Chidalakwika nchiyani? Choyamba, mnyamata ankafika ku laweni lilime litapsa kale. Zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziŵiri zoyamba ankakhala ndi amai ake ndi atsikana olera, ndipo ambiri mwa ameneŵa anali Ansenga, Acheŵa ndi Atumbuka. Chachiŵiri, m'laweni momwemo ana a eni Chingoni ankachepa, motero chiyankhulo cha usiku, cha nthano ndi zonong'onezana, chinali cha ochulukawo. Apa tikuona vuto lija la Selinker litavala nkhope ina: chiŵerengero cha eni chiyankhulo pansi pa denga. Chachitatu, atsikana sankadzera ku laweni, chonsecho ndiwo ankadzalera mbadwo wotsatira. Ndipo pamene Angoni a M'mbelwa adaloŵa pansi pa boma la Britain mu 1904, atakambirana ndi Alfred Sharpe, nkhondo zidatha, ntchito imene anyamata ankakonzekera ku laweni idatha nayo, ndipo njira ya mnyamata wofuna kutukuka idakhala sukulu ya mishoni kapena ulendo wa ku migodi.

Sitikunena kuti Chingoni chidazimirira osasiya phazi. Chidatsala kumene chinali ndi ntchito imene Chitumbuka sichikadaigwira: m'maudindo monga Inkosi ya Makhosi, inkosana ndi induna, m'nyimbo za ingoma ndi za mthimba, m'mau a ukwati ndi a ng'ombe, monga lobola. Chidatsalanso pa mapu. Maina akuti Embangweni, Edingeni, Ephangweni, Emfeni, Euthini ndi Ekwendeni onse asunga kapangidwe ka Chinguni kosonyeza malo, ka e- kumayambiriro ndi -ni kumapeto, ngakhale ambiri oŵatchula lero saganizako za galamala imeneyi. Kudera la Mpherembe ndiko chiyankhulochi chidalimbako m'makomo. Kalembera wa mu 1966 adapeza kuti oyankhula Chingoni pakhomo anali pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse m'Malaŵi, pamene kalembera wa mu 2018 adapeza kuti odzitcha Angoni ndi anthu 10 pa 100 alionse. Mafunso a makalembera aŵiriŵa ngosiyana, wina wa chiyankhulo wina wa mtundu, koma mpata wake ukunena zambiri. Bungwe la Abenguni Revival Association, limene lidayamba ku Mzuzu mu 1998, lidayesa kuphunzitsa Chingoni m'kalasi, ndipo Pascal Kishindo, polemba za ntchitoyi mu 2002, adakayika ngati ingaphule kanthu. Joshua Fishman adanena kale mu 1991 kuti chiyankhulo chimene sichikupatsiridwa kwa ana pakhomo sichingadzutsidwe ndi sukulu yokha. Mwambo wa Umthetho umene umachitikira ku Hora umasonkhanitsa anthu zikwizikwi, koma ndi wa masiku oŵerengeka pa chaka.

4.0 Katete: Chifalansa chimene chidatsala m'nyumba

Nyumba yachiŵiri ndiyo ikukhudza mutu wathu mwachindunji. Ansembe a chipani cha White Fathers adatsegula mishoni ya Katete, kufupi ndi Champhira kummwera kwa boma la Mzimba, mu 1938, m'dera limene kwa zaka zoposa 50 linali m'manja mwa Livingstonia. Mu 1947 chigawo cha kumpoto chidapatsidwa ulamuliro wakewake wa mpingo pansi pa Marcel St-Denis, ndipo Mzuzu itakhala dayosizi mu 1961 episkopi wake woyamba anali Jean-Louis Jobidon wa ku Quebec. Mu 1948 ku Katete kudafika asisitere a chipani cha Missionary Sisters of the Immaculate Conception, chimene Délia Tétreault adachiyambitsa ku Montreal mu 1902. Ndiye kuti kwa zaka makumi angapo, m'boma la Mzimba ndi m'maboma oyandikana nalo, munali nyumba za anthu ambiri amene chiyankhulo chao cha kubere chinali Chifalansa, okhala pamodzi, odya pamodzi, oyendetsa sukulu zogonera komweko ndi zipatala.

Nanga bwanji ana a ku Champhira sadakule akuyankhula Chifalansa? Chifukwa chimodzi chili m'malangizo a mwini chipani. Cardinal Charles Lavigerie, amene adayambitsa White Fathers ku Algiers mu 1868, adalamula kuti amishoni ake azikhala osachepera atatu pa malo amodzi, ndipo adalangiza oyamba kupita ku dera la nyanja zazikulu kuti pasanathe miyezi isanu ndi umodzi atafika aziyankhulana okhaokha m'chiyankhulo cha anthu amene akukhala pakati pao. Ili ndi lumbiro la Middlebury lotembenuzidwa, ndipo lidadza zaka zoposa 30 Middlebury isanayambe: nyumba ya eni Chifalansa yodziletsa Chifalansa kuti iphunzire chiyankhulo cha kumudzi. Kaya lamuloli linkasungidwa mokhwima chotani pa tebulo la madzulo, zipatso zake tikuziona m'mabuku. Chichewa Intensive Course ya Bambo Salaün, yosindikizidwa ku Likuni mu 1969, idaphunzitsa alendo ambiri Chicheŵa. Njira ya nyumba ya chiyankhulo idagwiradi ntchito m'Malaŵi, koma inkayenda kuchokera ku Chifalansa kupita ku Chitumbuka ndi Chicheŵa. Idatheka chifukwa ophunzirawo anali atatu kapena anayi pakati pa eni chiyankhulo zikwi, adabwera mwa kufuna kwao, ndipo ntchito yao siikadagwirika popanda chiyankhulocho.

Chifukwa china nchakuti Nyasaland inali ya Angerezi. Thandizo la boma ku sukulu, mayeso, ndi ntchito ya ukalaliki pa Boma zonse zinkafuna Chingerezi. Sisitere wa ku Quebec ankaima pa bolodi nkuphunzitsa m'Chingerezi, chimene kwa iyenso chinali chiyankhulo chachiŵiri. Makolo sakadalola china, pakuti sadatumize mwana ku sukulu kuti akaphunzire chiyankhulo chopanda msika. Nchifukwa chake, ngakhale ansembe a Montfort ochokera ku France adafika ku Nzama mu 1901 ndipo a White Fathers adakhazikika ku Mua mu 1902, mau obwerekedwa ku Chifalansa ngosoŵa m'Chicheŵa. Chipwitikizi, chimene chidabwera ndi amalonda a m'Zambezi opanda sukulu ndi imodzi yomwe, chidatisiyira kalata, nsapato, kapitao ndi mbatata.

5.0 Sukulu yogonera komweko ndi komponi

Za nyumba yachitatu sitichulutsa, poti oŵerenga ambiri adagonamo. Kuyambira pa Overtoun Institution, imene Robert Laws adatsegula ku Khondowe mu 1894, sukulu yogonera komweko yakhala nyumba ya Chingerezi ya dziko lino. M'sukulu zambiri za sekondale munali lamulo lakuti pa malo a sukulu payankhulidwe Chingerezi chokha, ndipo wogwidwa akuyankhula cha kwao ankapatsidwa chikwakwa kapena khasu. Kamuzu Academy, yotsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, idafika nalo patali lamuloli: inkaphunzitsa Chilatini, Chigiriki ndi Chifalansa, koma Chicheŵa, chimene msonkhano wa chipani wa mu 1968 udachikweza kukhala chiyankhulo cha fuko, chidatsala kunja kwa mpanda. Kwa mwana wa ku Mzimba zinthu zinali zopiringizika koposa, pakuti chigamulo cha mu 1968 chidachotsa Chitumbuka pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo chidabwerera pa wailesi mu 1994. Iye ankalota m'Chitumbuka, kulemba mayeso a Chicheŵa, kulangidwa chifukwa cha Chingerezi, ndipo Chifalansa, ngati sukulu yake inali nacho, chinali chachinayi.

Kodi lamulo la chikwakwa lidathandiza? Ambiri amene adadzera m'sukuluzi Chingerezi adachidziŵadi, koma ife tikuganiza kuti chidaŵaphunzitsa si chikwakwa ai. Maphunziro onse anali m'Chingerezi, mabuku a m'laibulale anali a Chingerezi, ndipo aliyense ankadziŵa kuti wolephera Chingerezi pa mayeso alibe satifiketi yomutsegulira khomo. Magetsi akazima m'nyumba yogona, ziyankhulo za kumudzi zinkadzuka. Chimene chikwakwa chidaphunzitsa bwino ndi manyazi pa chiyankhulo cha amai.

Pali pogona pena pamene amuna a ku Mzimba adaphunzira ziyankhulo popanda mphunzitsi kapena lamulo. M'makomponi a migodi ya ku Johannesburg ndi ku Southern Rhodesia adatola Fanakalo, chimene kuno tidachidziŵa ngati Chilapalapa, chifukwa kapitao wa pansi pa mgodi sankadikira womasulira. Boma lidaimitsa Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, koma ulendo wa ku Joni sudathe, ndipo anyamata ambiri a ku Mzimba amabwerako akuyankhula Chizulu, mbale wake wa Chingoni chija laweni idalephera kusunga.

6.0 Chifalansa m'Malaŵi ndi funso la nyumba

Chifalansa chidaloŵa m'sukulu zathu za sekondale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, nyengo imene msonkhano wa akatswiri wa ku Yaoundé wa mu 1961 udalangiza kuti maiko oyankhula Chingerezi aziphunzitsa Chifalansa, ndipo oyankhula Chifalansa aziphunzitsa Chingerezi, kuti Africa yomasuka izimvana. Chimaphunzitsidwa ku University of Malawi ku Zomba ndi ku Mzuzu University, imene idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Kwa zaka zambiri French Cultural Centre ya ku Blantyre inali malo amene munthu ankapezako mabuku, mafilimu ndi anthu oyankhula Chifalansa, ngakhale kuti ambiri amaikumbukira chifukwa cha zisudzo ndi magule a oimba athu. Idatsekedwa mu 2011, malowo nasanduka Blantyre Cultural Centre. Kufunika kwa chiyankhulochi sikudachepe. Ndi chimodzi mwa ziyankhulo za ntchito za SADC, COMESA ndi African Union, ndipo asilikali athu adatumizidwa kummaŵa kwa Democratic Republic of Congo mu 2013 pansi pa United Nations. Ena anganene kuti Chipwitikizi cha Mozambique ndi Chiswahili cha Tanzania, zimene zili pa malire athu enieni, nzofunika kuposa, ndipo mfundo yao ili ndi mutu. Zimene tanena pano zikukhudza nyumba ya chiyankhulo chilichonse mwa zimenezi.

Wophunzira Chifalansa pa yunivesite zathu amachimva maola oŵerengeka pa sabata, kenaka amabwerera ku chipinda chimene akugona ndi mnzake wa masamu kapena wa zaulimi. Kupatula mbali imodzi ya nyumba yogona kuti ikhale ya Chifalansa sikufuna ndalama zambiri, ndipo poyerekeza ndi kutumiza kalasi yonse ku France nkotsika mtengo kwambiri. Nzeru ya ku Badagry inali yomweyi. Koma mbiri ya ku Mzimba ikutichenjeza pa mfundo zingapo. Nyumba yodzala ophunzira 30 a chaka chachiŵiri, yopanda mwini chiyankhulo ndi mmodzi yemwe, idzabwereza za laweni: masana Chifalansa pamaso pa woyang'anira, usiku Chicheŵa ndi Chitumbuka. Nyumba yoloŵamo mokakamizidwa, yokhala ndi chindapusa kwa woyankhula cha kwao, idzakhala symbole wovala suti, ndipo m'dziko limene chilonda cha mu 1968 sichinapole bwino kumpoto, wokonza ndondomeko ayenera kusamala kwambiri asanalembe pa chitseko chilichonse kuti Chitumbuka nchosaloledwa muno. Pangano liyenera kukhala la okhalamo eni ake, la nyengo yodziŵika, monga teremu imodzi kapena ziŵiri, ndipo maola ake atchulidwe. Palinso vuto limene Wisconsin siidakumane nalo pa mlingo wathu: malo ogona pa yunivesite zathu ngochepa, ophunzira ambiri amachita lendi kunja, motero bedi la m'nyumba ya Chifalansa lidzakopa ofuna bedi kuposa ofuna Chifalansa. Kasankhidwe ka oloŵamo kadzafunika kuganiziridwa kusanamangidwe kanthu.

Funso lalikulu ndi la eni chiyankhulo. Kuitana aphunzitsi ochokera ku France kapena ku Canada kumadalira chifundo cha maboma ena, chimene chimabwera ndi kupita monga tidaonera mu 2011. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, malo amene kale anali ndende ya andale ndipo adasanduka msasa wa othaŵa kwao mu 1994, kunali anthu oposa 50,000 pofika mu 2023, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Chiyankhulo chimene chimamveka kwambiri m'misika ya mumsasamo ndi Chiswahili, koma muli anthu ambiri amene adaphunzira sukulu yao yonse m'Chifalansa, ena mpaka ku yunivesite. Mlakatuli Trésor Nzengu Mpauni, wodziŵika kuti Menes la Plume, adayambitsa chikondwerero cha Tumaini komweko mu 2014. Chifalansa chao ndi cha mu Africa, chimene wophunzira wathu adzakumana nacho ku Lubumbashi, ku Bujumbura ndi pa misonkhano ya COMESA ku Lusaka. Ophunzira anayi kapena asanu otere, atapatsidwa malo pa yunivesite ndi bedi m'nyumba ya Chifalansa, akadagwira ntchito imene ophunzira ochokera ku France amagwira ku Madison.

Chopinga chake si cha maphunziro. Malaŵi, povomera pangano la United Nations la mu 1951 lokhudza othaŵa kwao, adakana kumangidwa ndi ndime zina, kuphatikizapo za ufulu woyenda, wogwira ntchito ndi wa maphunziro a boma, ndipo mu 2023 boma lidabweza ku Dzaleka othaŵa kwao amene ankakhala m'mizinda ndi m'maboma. Yunivesite yofuna kutsegula nyumba yotere iyenera kuyamba yakambirana ndi unduna woona za chitetezo cha m'dziko za chilolezo chakuti wophunzira wa ku Dzaleka agone ku Zomba kapena ku Mzuzu kwa chaka chathunthu, ndiponso za amene adzamlipirire fizi.